Buku la Mwana ndi Buku la Wamkulu

Munthu woyenda m'midzi ya kwa Kabudula, kuyambira pa msika wa Nsaru mpaka kukafika ku Nambuma, akamalowa m'nyumba za anthu odziwa kuwerenga amapeza kuti mabuku ake ndi amodzimodzi. Pamakhala Buku Lopatulika kapena buku la mapemphero, pamakhala buku la nyimbo, ndipo penapake m'sutukesi mumakhala buku la sukulu lothothoka chikuto limene mwana wina sanabweze kwa aphunzitsi. Buku la nkhani yopeka limapezeka mwa apo ndi apo, makamaka m'nyumba imene munatuluka mwana wa sekondale. Koma buku la zithunzi, logulidwa ndi kholo kuti mwana wamng'ono angokondwera nalo, ndilo losowa koposa onsewo.

Eni nyumbazo akafunsidwa sasowa choyankha. Ena amati buku la zithunzi ndi chidole, ndipo munthu wanzeru sangagulitse ndowa ya chimanga chifukwa cha chidole. Ena amati nkhani zopeka ndi mabodza olembedwa bwino, oyenera anyamata osowa ntchito. Enanso, amene anawerengapo mabuku otere, amadandaula kuti mapeto ake amadziwika munthu asanafike ndi pakati pomwe: wochimwa adzalapa, ndipo akapanda kulapa adzafa. Maganizo atatuwa sanabadwe dzulo ayi. Ali ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ionetsa chinthu chodabwitsa, chakuti m'Chichewa buku la wamkulu ndilo linayamba kubadwa, buku la mwana nkubwera pambuyo penipeni, komabe buku la wamkululo lakhala ndi moyo zaka zonsezi chifukwa cha ana a sukulu.

Mabuku asanafike

Kale Achewa sanali kusiyanitsa kwenikweni nkhani za ana ndi nkhani za akulu. Zokolola zitalowa m'nkhokwe, ana anali kusonkhana madzulo kukuka kwa agogo awo kapena pa moto wa pabwalo, ndipo wonena nthano akati "Padangokhala," onse anali kuyankha kuti "Tili tonse." Mawu oyankhawo anali oona ndithu, pakuti amayi oswa mtedza ndi atsibweni osema mpini nawonso anali kutchera khutu. Mwana anali kuseka pomva Kalulu akupusitsa Njovu. Wamkulu, pomva nthano yomweyo, anali kukumbuka mfumu ina yamphamvu ndi mlandu umene unaweruzidwa mokhota. Nthano inali imodzi, koma yense anali kutapamo monga mwa msinkhu wake.

Ndiponso nthanoyo sinali yopanda zithunzi. Chithunzi chake chinali nkhope ya wonenayo, manja ake, mawu ake osandulika a Fisi wadyera, ndi nyimbo imene onse anali kuvomera. Achewa sanachite kuphunzira kwa Azungu kuti chithunzi chimaphunzitsa. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zina mwa zojambulazo ndi zofiira, za anthu akale aja otchedwa Akafula, koma zoyera zambiri ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. Gule wamkulu naye, amene ali ndi mphamvu kumadzulo kwa Lilongwe kufikira lero, amalangiza ndi maso poyamba: chilombo chilichonse chili ndi nkhope yake, mavinidwe ake ndi phunziro lake. Tsono kholo lonena kuti chithunzi ndi chidole likutsutsana ndi makolo ake omwe.

Sukulu za amishoni

Buku linalowa m'chigawo chapakati pamodzi ndi amishoni. A Dutch Reformed Church, amene anthu anali kuwatcha Adatchi, anamanga pa Mvera mu 1889, pa Kongwe mu 1894, pa Nkhoma mu 1896, ndi pa Malingunde mu 1907. Ansembe a chipani cha White Fathers, amene anthu anali kuwatcha Aroma, anakhazikika pa Likuni mu 1903, ndipo mu 1928 anatsegula mishoni ya Nambuma. Kuchokera pa malo amenewa aphunzitsi anamwazikira m'midzi, namanga tisukulu ta mitengo ndi udzu, kumene mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ndi mwamuna wandevu anali kukhala pa chipika chimodzi.

Chimene mwanayo anaona poyamba sichinali nkhani. Chinali chipepala cha malembo chopachikidwa pa khoma, ndipo mphunzitsi anali kuloza ndi ndodo, kalasi lonse nkumaimba a e i o u, ba be bi bo bu. Wopanda sileti anali kulemba ndi chala pa dothi. Njira imeneyi si yonyozeka, pakuti Chichewa chimalembedwa monga chimanenedwera, ndipo wodziwa maphatikizo akhoza kuwerenga liwu lililonse. Koma cholinga cha sukuluzo chinali chakuti munthu afike msanga pa katekisima ndi pa Mawu a Mulungu. Buku Lopatulika lathunthu, limene William Murray ndi anzake anavutika nalo zaka zambiri, linatuluka mu 1922, ndipo ilo ndilo linali mapeto a ulendo wa wophunzira aliyense. Pakati pa chipepala cha malembo ndi Buku Lopatulika panali timabuku towerengera tochepa chabe. Mwana anali kudumpha kuchokera pa ba be bi kukagwera pa makalata a Paulo.

Sikoyenera kuwaimba mlandu wonse amishoniwo, pakuti kusindikiza chithunzi masiku amenewo inali ntchito yodula. Malembo anali tizitsulo timene wosindikiza anali kutola ndi dzanja kamodzikamodzi. Tsamba likatha, tizitsulo tomweto tinali kuphwasulidwa kuti tikagwire ntchito pa tsamba lina. Koma chithunzi chinali kufuna chidindo chakechake, chozokotedwa ndi amisiri akunja, ndipo chidindocho sichikanasandulika chithunzi china. Chithunzi cha mitundumitundu chinali chovuta koposa, pakuti pepala linali kulowa m'makina kangapo, mtundu uliwonse ulendo wake. Nyumba yosindikizira ya mishoni, yokhala ndi ndalama zochepa ndi ntchito yambiri ya nyimbo, makatekisima ndi magazini monga Mthenga, amene Adatchi anayamba mu 1909, sikanataya mphamvu zake pa Kalulu wovala mitundu.

Ngakhale ku Ulaya komweko buku la mwana linachedwa. Makina a Gutenberg anayamba ntchito cha m'ma 1450, koma panapita zaka mazana awiri mphunzitsi wina dzina lake Comenius asanatulutse Orbis Pictus mu 1658 ku Nuremberg, buku lophunzitsa mayina a zinthu ndi zithunzi zake. Mu 1744 John Newbery wa ku London anayamba kugulitsa kabuku kosangalatsa ana, kophatikiza ndi kampira ka anyamata kapena kapilo kobayapo mapini ka atsikana. Ndipo mu 1902, chaka chomwe ansembe a White Fathers anafika pa Mua, kampani ya Frederick Warne inatulutsa The Tale of Peter Rabbit, nkhani ya kakalulu kosamvera yolembedwa ndi kujambulidwa ndi Beatrix Potter. Mabuku otere anakula kumeneko chifukwa kunali makolo ambiri okhala ndi ndalama yotsala atagula chakudya.

Chowawitsa mtima ndi ichi, kuti Kalulu wa kuno naye anajambulidwa msanga, koma osati chifukwa cha ana a kuno. Mu 1939 mayi wina wa Chingerezi amene anakhalapo m'Nyasaland, Geraldine Elliot, anatulutsa ku London buku lotchedwa The Long Grass Whispers, la nthano za nyama zimene anazimva m'dziko lino, ndipo Sheila Hawkins anajambulamo zithunzi. Mabuku ena a mtundu womwewo anatsatira. Ana a ku England anaona Kalulu ndi Fisi pa pepala labwino, m'chinenero chawo, pamene mdzukulu wa gogo wodziwa nthanozo anali kulemba ndi chala pa dothi.

Ndalama za fodya

Dera la Nsaru silinali losowa ndalama konse. Cha m'ma 1920 Mzungu wina, A. F. Barron, anatsegula esiteti pa Mbabzi, kumadzulo kwa Lilongwe, nayamba kupatsa anthu a m'midzi mbewu ya fodya wa chikopa kuti alime m'minda yawo, iye nkumagula. Ulimiwo unafalikira mofulumira kotero kuti mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira. Ndalama ya fodya inali kupita ku msonkho, ku nsalu, ku mchere, ku njinga. Ndipo amuna amene fodya sanawakwanire anali kupita ku Harare ndi ku Joni.

Zinthu ziwirizi, fodya ndi ulendo, zinaphunzitsa anthu phindu la kuwerenga koposa ulaliki uliwonse. Wodziwa manambala sanali kuberedwa pa sikelo. Mkazi wodziwa malembo sanali kufuna mphunzitsi kuti amuwerengere kalata ya mwamuna wake, mudzi wonse nkudziwa zamkati. Kotero kuwerenga kunakhala ngati khasu, chida chogwirira ntchito. Pano ndi pamene panamera maganizo aja akuti buku liyenera kubweza ndalama yake, ndi kuti kuwerenga kongosangalala ndi ulesi. Maganizowo sanali opusa, poona nthawi yake. Cholakwa chake nchakuti khasu limanoledwa ndi tupa, pamene luso la kuwerenga limanoledwa ndi kuwerenga komweko, ndipo munthu sawerenga kawirikawiri chinthu chimene sichimkoma. Ambiri amene anasiya sukulu atadziwa malembo anaiwalanso patapita zaka, chifukwa kunyumba kunalibe chowerenga.

Nthondo ndi abale ake

Mu 1926 ku London kunakhazikitsidwa bungwe lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures, ndipo linayamba kuchititsa mipikisano ya zolemba m'zinenero za mu Africa. Mphunzitsi wina wa Mishoni ya Nkhoma, Samuel Josiah Nthara, wobadwa mu 1905, anatumiza nkhani yake ya Nthondo, nalandira mphotho. Bukulo linasindikizidwa mu 1933, ndipo chaka chotsatira linatuluka ku London m'Chingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa, womasulira wake ali T. Cullen Young, mawu otsogolera atalemba Julian Huxley, katswiri wa sayansi wotchuka masiku amenewo.

Nkhani yake ndi ya mwana wa m'mudzi wa Achewa amene bambo wake anamwalira iye ali wamng'ono. Anakula wosamva ndi wakuba, anachoka kwawo kukafuna ntchito kutali, anaona mavuto, nabwerera kumudzi kumene analowa ufumu, ndipo potsiriza anatembenuka mtima nakhala Mkhristu. Wowerenga wa ku Nsaru wa m'zaka za m'ma 1930 anapeza m'bukuli chinthu chimene sanachionepo pa pepala: mudzi wonga wake, maliro onga a kwawo, milandu ya pabwalo, mankhwala ndi mantha a ufiti, njira ya kumwera imene achimwene ake anayendamo. Kufikira nthawi imeneyo anthu a m'mabuku anali a ku Yudeya ndi ku Galileya. Tsopano munthu wa m'buku anali kudya nsima.

Pa bukuli ndi pamene maganizo achiwiri ndi achitatu aja anakumana. Akulu ena a mpingo anali kukayika nkhani iliyonse yopeka, pakuti kwa iwo cholembedwa chinali choona, monga Mawu a Mulungu ndi kalata ya boma. Munthu wolemba za munthu amene sanakhaleko anali kuoneka ngati mboni yonama. Chodabwitsa nchakuti akulu omwewo sanali kutcha nthano ya Kalulu bodza, kapena fanizo la mwana wolowerera. Chimene chinawavuta chinali pepala, osati kupeka. Njira yowatonthoza inali yakuti nkhani ithere m'tchalitchi. Ndipo popeza makina osindikizira anali a mishoni, ndi masitolo ogulitsa mabuku analinso a mishoni, mlembi wofuna kuti buku lake lituluke anali kudziwa kumene wochimwa wake ayenera kukathera.

Tsono wodandaula kuti mapeto amadziwika akunena zoona, koma akuweruza nyumba poyang'ana khomo lotulukira lokha. Mphamvu ya Nthondo siili pa kutembenuka kwake. Ili pa zaka za kusamvera kwake, zimene Nthara anazilemba ndi diso la munthu wodziwa anyamata, monga mphunzitsi aliyense awadziwira. Ambiri amene anawerenga bukuli ali pa sukulu amakumbuka kuba kwa Nthondo koposa kulapa kwake, ndipo mwina mlembiyo sakanadabwa nazo. Nthara sanalekere pomwepo. Analemba Mbiri ya Achewa, analemba Nchowa, nkhani ya mkazi, ndiponso Msyamboza, mbiri ya mfumu yeniyeni ya ku Chibanzi m'boma la Dowa, imene Cullen Young anaimasuliranso mu 1949 ndi dzina lakuti Headman's Enterprise.

Boma nalo linalowererapo. Ku Northern Rhodesia kunali kale komiti ya mabuku a anthu akuda kuyambira mu 1937, ndipo mu 1948 maboma a Northern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa pamodzi bungwe la Publications Bureau, likulu lake ku Lusaka. Bungwelo linali kulandira zolemba, kuziwerenga, kuzikonza, ndi kupangana ndi makampani osindikiza a ku Britain ndi ku South Africa kuti azitulutse. Chinyanja chinapindula kwambiri chifukwa chinali kuwerengedwa mbali zonse ziwiri za malire, ku Lilongwe ndi ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi Chipata. Chaka chotsatira, mu 1949, Akatolika anatsegula nyumba yosindikizira pa Likuni, mtunda wa tsiku limodzi pa njinga kuchokera ku Nsaru. M'nyengo imeneyi ndi yotsatira munatuluka timabuku ta E. W. Chafulumira, Kalenga ndi Mnzake wa Josiah Phiri, ndi mabuku a E. J. Chadza ndi John Gwengwe.

Sikusinja ndi Gwenembe wa Gwengwe ayenera kutchulidwa padera, chifukwa ndi nthano ya pamoto imene inavala chikuto. Abale awiri apita kukagwira ntchito kutali. Wina asunga chuma chake, wina amwaza. Pobwerera womwazayo apha mbale wake, koma mbalame imtsata ndi nyimbo youlula mlanduwo mpaka kumudzi. Kodi limeneli ndi buku la ana kapena la akulu? Mwana amagwidwa ndi mbalame yosafayo, wamkulu amagwidwa ndi nsanje ya pachibale ndi chuma cha kuulendo, chimene chapasula mabanja ambiri a alimi ndi a matchona. Apa wonena nthano wakale uja anaonekanso, wolankhula kwa onse nthawi imodzi. Koma mabuku ambiri a nyengoyo anali ndi zithunzi zowerengeka, zakuda ndi zoyera, ndipo mwana wa zaka zisanu sakanatha kuwatsata popanda womuwerengera.

Ufulu utabwera

Malawi atalandira ufulu mu 1964, zinaoneka ngati nthawi ya buku la Chichewa yakwana. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kukhala chinenero cha fuko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board yoyang'anira kalembedwe. Koma chaka chomwecho cha 1968 kunabweranso lamulo lokhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi masewero asanafike kwa anthu. Mlembi amene kale anali kuopa m'busa tsopano anayamba kuopa boma. Nkhani za ufumu woipa, zimene Kalulu anali kuzinena momasuka pamoto, zinakhala zoopsa pa pepala. Olemba ambiri anathawira ku nkhani za chikondi, za ukwati wosweka, za mtsikana wonyengedwa ndi tawuni. M'zaka za m'ma 1980 Willie Zingani analemba Njala Bwana ndi Madzi Akatayika, Jolly Max Ntaba analemba Mtima Sukhuta ndi Ikakuona Litsiro Sikata, ndipo mabuku amenewa anakondedwa ndithu, nayenda m'manja ambiri mpaka masamba kutha.

Koma funso ndi lakuti, anali kuwagula ndani? Mlimi wa ku Nsaru, ngakhale m'zaka zimene chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme, choyamba mu 1968 ndi ndalama za World Bank, chinabweretsa misewu, zitsime ndi ngongole za feteleza m'deralo, sanapeze sitolo ya mabuku pafupi ndi msika wake. Wogula wamkulu anali sukulu. Buku likasankhidwa kukhala la mayeso linali kusindikizidwa kambirimbiri; likachotsedwa pa mndandanda linali kuzimirira. Kotero nkhani zolembedwera akulu zinakhala chakudya cha ana a zaka khumi ndi zisanu, oziwerenga ndi pensulo m'manja, kufunafuna mutu, apangankhani ndi phunziro lake kuti akakhoze. Nthondo mwiniyo wabwerera m'makalasi a sekondale monga buku la mayeso, ndipo nchifukwa chake dzina lake silinafe. Ichi ndi chabwino ndi choipa pamodzi. Nchabwino chifukwa popanda sukulu mabukuwa akanatayika. Nchoipa chifukwa chimene munthu wachidya ngati mankhwala sachifunanso akachira. Ambiri anatseka buku la nkhani tsiku lomaliza mayeso, osalitsegulanso moyo wawo wonse.

Nanga mwana wamng'ono? Iye anapeza zithunzi zake m'mabuku a m'kalasi. Amene anaphunzira m'nthawi ya Kamuzu amakumbukabe Timve ndi Tsala, ndiponso buku la Sosa, ndipo amazitchula ndi chikondi chimene sachionetsa potchula buku lililonse la mayeso. Umenewu ndi umboni waukulu wotsutsa mawu aja akuti chithunzi ndi chidole, pakuti munthu waimvi amene waiwala masamu onse a Sitandade 8 akhoza kulongosola chithunzi chimene anachiona ali mu Sitandade 1. Komabe mabukuwo anali a sukulu, ogawidwa m'mawa ndi kutoleredwa masana, otsekeredwa m'kabati ya aphunzitsi aakulu kuopa chiswe ndi akuba. Mu 1994, boma litachotsa fizi ya kupulayimale, ana olembetsa anachuluka kuchokera pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo buku limodzi linayamba kuzingidwa ndi mitu yambiri, ena nkumaliona chozondoka.

Panali oyesetsa kudzaza mpatawo. National Library Service, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, inatulutsa timabuku ta ana ta dzina lakuti Werengani, ndipo inayendanso m'maboma kujambula nthano kwa okalamba zisanapite nawo kumanda. Mu 2016 boma, mothandizidwa ndi America, linayamba ndondomeko ya National Reading Programme, imene inagawa mabuku ochuluka m'makalasi oyambirira. Zonsezi ndi ntchito zoyamikika. Chosowabe ndi chija chinakulitsa mabuku a ana ku Ulaya, ndicho kholo lotulutsa ndalama m'thumba mwake. Buku lobwera ndi chithandizo limatha chithandizocho chikatha, ndipo wojambula waluso sangadyetse banja lake ndi ntchito yobwera kamodzi pa zaka zisanu. Apa maganizo atatu aja amaonekera kuti ndi chingwe chimodzi: mwana amene sanakondwerepo ndi buku sakula nkukhala wogula nkhani zopeka, ndipo popanda ogula, mlembi amalembera bungwe la mayeso, limene limafuna phunziro loonekera pa tsamba lotsiriza. M'mera mpoyamba, anatero akale.

Mnyamata wa ku Wimbe

Kumpoto kwa dera la Nsaru, m'boma la Kasungu, kuli malo otchedwa Wimbe, a alimi a chimanga ndi fodya monga a kwa Kabudula. Kumeneko njala ya 2001 ndi 2002 inachotsa pa sukulu ya sekondale mnyamata wina, William Kamkwamba, wobadwa mu 1987, chifukwa makolo ake analibe fizi. Pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe panali kachipinda ka mabuku ochokera ku America, ndipo mnyamatayo, posowa kopita, anayamba kubwereka mabuku a sayansi. Chingerezi chake chinali chochepa. Monga anafotokozera mwini wake pambuyo pake, anali kuyamba ndi chithunzi, naona nambala yake, nafunafuna nambala yomweyo m'mawu a pa tsambalo, nazindikira tanthauzo la mawuwo poyerekeza ndi chojambulacho. Pa chikuto cha buku lina, Using Energy, panali chithunzi cha makina oyendera mphepo. Iye anatola zitsulo zotayidwa, mapaipi a pulasitiki, chimango cha njinga ya bambo wake ndi dayinamo, naimika nsanja ya mitengo ya bulugamu, ndipo nyali inayaka m'nyumba mwawo.

Mbiri yake inatuluka m'buku la akulu mu 2009, The Boy Who Harnessed the Wind, limene analemba pamodzi ndi Bryan Mealer. Mu 2012 nkhani yomweyo inatulukanso ku New York ngati buku la zithunzi la ana aang'ono, lojambulidwa ndi Elizabeth Zunon, mayi wokulira ku Côte d'Ivoire, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor anaisandutsa filimu imene mbali yake yaikulu ndi ya m'Chichewa. Buku la zithunzilo linalembedwa m'Chingerezi ndipo linalowa m'sukulu ndi m'nyumba za ku America, zaka 73 chitulukire Kalulu uja wa Geraldine Elliot ku London.